Galimoto ya 4WD ku Zomba: musanalipire, gwadani muyang'ane kunsi

Boma la Zomba lili ndi misewu ya mitundu itatu, ndipo uliwonse umafuna zakezake kwa galimoto. Pali tala wa M3 wochokera ku Blantyre, wodutsa pa Namadzi ndi pa Thondwe, n'kulowa m'tauni kupitirira ku Domasi mpaka ku Liwonde. Pamenepo Vitz ndi Land Cruiser zimafika nthawi imodzi. Pali phiri: tala wokhotakhota wokwera mpaka ku Ku Chawe, kenako misewu ya miyala ndi dothi lofiira yolowera ku Queen's View, ku Emperor's View ndi ku dzenje la Chingwe. Tauni ili pa mamita osakwana 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndiye chitunda chake si chamasewera, ndipo potsika ndi pomwe pali ngozi yeniyeni. Kenako pali chigwa cha Chilwa, njira ya ku Kachulu ndi midzi ya m'mbali mwa Likangala, kumene makande amauma gwa m'chilimwe koma mvula ikagwa masiku awiri amamata ndi kuterera nthawi imodzi. Kuseri kwa phiri kulinso Chingale, kumene anthu akhala akulirira msewu wabwino kwa zaka zambirimbiri.

Munthu akati akufuna galimoto ya 4WD, yokoka ndi matayala onse anayi, funso langa loyamba limakhala lakuti: mwa misewu imeneyi, woipitsitsa umene simungaupewe m'mwezi wa Febuluwale ndi uti? Sindikunena kumene mumapita kamodzi pachaka kukaonetsa alendo malo, koma kumene mumayenera kufika ndithu, mvula igwe isagwe. Msewu umenewo ndiwo uyenera kusankha galimoto, osati chilembo chomatidwa kumbuyo. Chilembo cha 4WD chili pa Probox, chilinso pa Land Cruiser 79, koma zimene zili kunsi kwa galimoto ziwirizi n'zosiyana kutalitali.

Nkhani yonse imayambira pa difu

Galimoto ikamakhota, tayala la kunja kwa kona limayenda mtunda wautali kuposa la mkati, ndipo matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Difu ndi imene imalola matayala awiri kuzungulira pa liwiro losiyana uku onse akulandira mphamvu ya injini. Vuto lake n'lakuti difu wamba imakonda kophweka. Tayala limodzi likakhala m'thope lina pouma, la m'thopelo limangozungulira n'kumamwaza matope, linalo lili duu. Ndiye galimoto imene timati imakoka ndi matayala awiri, ikatitimira imakhala ikuzungulitsa limodzi lokha, ndipo ya matayala anayi yopanda loko wotsekera difu ikhoza kuima pakati pa mgula, tayala limodzi lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo akuzungulira pachabe. Mitundu yonse ya 4WD imasiyana pa mmene imathanirana ndi zinthu ziwirizi: kulola matayala kusiyana pa tala, ndi kuwaletsa kusiyana pamatope.

Yochita kulowetsa wekha

Iyi ndi ya Hilux, Isuzu KB ndi D-Max, Ford Ranger zambiri, Nissan Hardbody, Land Cruiser ya gulu la 70 ndi Suzuki Jimny. Pali kandodo kachiwiri pambali pa giya, kapena kabatani kopotokola, kolembedwa 2H, 4H ndi 4L (giya yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono). Pa 2H imakoka ndi kumbuyo kokha. Mukalowetsa 4H, transfer case, bokosi la magiya logawa mphamvu ya injini kutsogolo ndi kumbuyo, imamangiriza kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi, popanda difu pakati, moti mbali ziwirizi zimazungulira mofanana ndendende. M'makande a ku Chilwa palibenso china chimene mungafune kuposa chimenechi. Zitsulo zake n'zochepa, makaniko aliyense wa galaja ya m'tauni muno amazidziwa, ndipo sizidalira kompyuta kuti iganize.

Koma mtundu umenewu umaphedwa ndi eni ake omwe, pa tala. Mukaiwala kuchotsa 4H pochokera kumudzi n'kufika nayo pa msika wa Zomba, yesani kukhota mwamphamvu poimika. Chiwongolero chimalemera, matayala amalira n'kumadumphadumpha pang'ono, galimoto imakhala ngati wina waiponda buleki, kandodo kaja kukana kutuluka. Kutsogolo kukufuna kuyenda mtunda wautali, kumbuyo kukukana, ndipo popeza tala salola tayala kuterera, kukanganako kumathera m'zitsulo. Chochita n'kubwerera chambuyo mamita angapo molunjika, kapena kupondetsa matayala pa dothi, kandodo kamamasuka kokha. Amene amayenda nayo chotero mpaka ku Blantyre amadzalipira tcheni kapena magiya a transfer case, kuphatikizapo matayala otha msanga.

Apa ndi pomwe phiri lathu limavutitsa. Tsiku la chiperoni, tala wa ku Ku Chawe atanyowa, pikapu yopanda katundu imaterera kumbuyo m'makona chifukwa kumbuyoko n'kopepuka, ndiye mtima umati lowetsa 4H. Makona akewo ndi othina, amene mtundu umenewu sufuna. Njira yabwino n'kuyenda pang'onopang'ono pa 2H, ndipo ngati mumakwera kawirikawiri, ikani matumba awiri a mchenga pamwamba pa ekiselo yakumbuyo.

Zakale zambiri, ndi Land Cruiser za mabungwe, zili ndi mahabu ochita kutseka pamanja. Pakati pa tayala lakutsogolo pali kachitsulo kozungulira kolembedwa FREE ndi LOCK. Mukapanda kutsika n'kupotokola mbali zonse ziwiri, kandodo kalowa 4H koma matayala akutsogolo sakoka. Tsekani musanachoke pa tala, manja akadali oyera, chifukwa mukadikira kutitimira mudzapeza habu ili m'thope mpaka simukuona zolembazo, zala zikuterera. Mahabu otseka pa 2H sapweteka kanthu, amangoonjezera mafuta pang'ono. Komanso mabuku a Toyota amalangiza kuyendako pa 4WD makilomita 16 mwezi uliwonse kuti oyilo afike m'zitsulo zakutsogolo. Galimoto imene yakhala chilimwe chonse osalowetsedwa ndi imene imakana tsiku limene mwaifunitsitsa.

Pali chinthu china chimene ogula ambiri sachidziwa. Mapikapu ambiri ochokera ku South Africa ndi okwera mmwamba mofanana ndi a 4x4, matayala akuluakulu, koma amakoka ndi kumbuyo kokha. Ambiri mwa iwo ali ndi diff lock yakumbuyo, loko wotseka difu kuti matayala awiri akumbuyo azizungulira limodzi, ndipo ndinene chilungamo, atanyamula katundu n'kutseka difu amadutsa malo odabwitsa, pa mtengo wotsika ndi mafuta ocheperako. Kwa mlimi wa ku Thondwe kapena ku Mayaka amene amanyamula kwambiri nthawi yokolola, ndi njira yoganizirika. Koma musailipire mtengo wa 4x4, ndipo dziwani kuti ilibe 4L.

Yokoka ndi matayala onse nthawi zonse

Prado, Land Cruiser zikuluzikulu monga 100 ndi 200, ndi Land Rover Defender zili ndi difu yachitatu pakati, pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Range Rover inabwera nayo kale mu 1970. Chifukwa cha difu imeneyi, matayala onse anayi amakoka pa tala popanda kukangana, ndipo mukafika pamatope mumaitseka ndi batani kapena kandodo, galimoto n'kukhala ngati ya mtundu woyamba uja. Prado 120 ndi 150 zimagwiritsa ntchito difu ya Torsen, imene pa msewu wabwino imapereka magawo 40 kutsogolo ndi 60 kumbuyo, n'kumasuntha yokha mbali ina ikayamba kuterera.

Kwa munthu amene ulendo wake umodzi uli ndi tala, fumbi, tala wokumbikakumbika ndi chitunda chonyowa, mtundu umenewu ndiwo umapatsa mtendere. Simuganiza zolowetsa ndi kuchotsa, ndipo dalaivala wosazolowera sangaiwononge msanga. Mtengo wake ndi mafuta, chifukwa zitsulo zonse zimazungulira tsiku lililonse, ndipo galimoto zake zimakhala zolemera matani pafupifupi awiri kapena kupitirira. Ife amene tagonapo pa mizere ya mafuta m'zaka zapitazi tikudziwa kuti imeneyi si nkhani yaing'ono.

Mitsubishi inapeza njira yapakati mu 1991 ndi Super Select ya pa Pajero. Ili ndi 2H ya tala wouma, 4H yokhala ndi difu yapakati imene mungayende nayo pa tala wonyowa, 4HLc yotseka difuyo, ndi 4LLc ya giya yamphamvu. Kuchoka pa 2H kupita pa 4H mumatha kusintha galimoto ikuyenda. Kwa misewu ya Zomba, pa pepala, palibe yoposa imeneyi. Chodetsa nkhawa n'chakuti Pajero anasiya kuipanga mu 2021, ndipo zida zake sizipezeka msanga ngati za Toyota. Ikakalamba, timapaipi ta mpweya ndi timaswitchi tolowetsa ekiselo yakutsogolo timavuta, magetsi a pa dashibodi n'kumangophethira. Ndi vuto lokonzeka, koma limafuna makaniko amene anazigwirapo.

Yodziganizira yokha

Galimoto zambiri zimene zikubwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam zili m'gulu ili: Nissan X-Trail, Toyota RAV4, Honda CR-V. Nthawi zambiri zimakoka ndi kutsogolo. Kutsogolo kukaterera, kabokosi ka timbale ta kilatchi kamene kali pafupi ndi difu yakumbuyo kamagwira n'kutumizako mphamvu. Subaru Forester ndi yosiyanako chifukwa imapereka mphamvu kumbuyo nthawi zonse, ndipo ndi yokwera mamilimita pafupifupi 220, n'chifukwa chake pa misewu yafumbi imachita bwino kuposa mmene imaonekera.

Ndimazikonda galimoto zimenezi ndipo anthu amazinyoza mopitirira. Msewu wafumbi wonyowa wopita ku sukulu kapena ku chipatala chaching'ono, chitunda choterera cha ku Sadzi kapena ku Chikanda, kukwera phiri mpaka ku damu la Mulunguzi ndi kupitirirako pang'ono nyengo youma, zonsezi zimakwanitsa mosavuta, banja litakhala mwaufulu, mafuta akumwedwa mwaulemu. Malire ake ali poti timbale tija timatentha. Mukalimbana ndi thope kwa mphindi zingapo matayala akuzungulira pachabe, kompyuta imadula mphamvu yakumbuyo kuti idziteteze, nyali n'kuyaka pa dashibodi, n'kutsala ndi matayala awiri pakati pa vuto. Batani la LOCK limathandiza ponyamuka, koma limadzichotsa lokha liwiro likakwera. Pa RAV4 ya m'badwo wachitatu limachoka mukapitirira makilomita 40 pa ola. X-Trail zambiri za petulo kuyambira 2007 zili ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, imene imadana ndi kukoka ngolo yolemera kapena kuvutikira m'thope nthawi yaitali.

Ndiye pali tigalimoto tating'ono tolembedwa 4WD: Probox, Sienta, Vitz, Passo, Fit. Timeneti anatipangira madera ozizira a ku Japan monga Hokkaido, kuti tizitha kunyamuka pa msewu wosalala woterera ndi chisanu. Kunsi kwake n'kotsika ngati anzawo wamba. Mu mikwasa imene lole yakumba pa njira ya ku Kachulu, mimba imakhala pa mtumbira wapakati, matayala n'kulendewera, ndipo pamenepo kaya akukoka awiri kaya anayi zilibe ntchito. Zimamwa mafuta ochulukirapo kuposa za 2WD zokoka ndi matayala awiri, zili ndi zida zambiri zoti zife, ndipo popeza zinkayenda m'misewu yothiridwa mchere wosungunulira chisanu, dzimbiri kunsi si lachilendo. Kwa woyendetsa Sienta pakati pa Zomba ndi Jali, ine ndingasankhe ya 2WD.

4L ndiye mpeni wogawa

Mukandifunsa chinthu chimodzi chosiyanitsa galimoto ya m'phiri ndi ya m'tauni, ndi 4L. Imachulukitsa mphamvu ya magiya onse, pa Hilux ndi Land Cruiser 70 kawiri ndi theka, pa Defender yakale kupitirira katatu. Galimoto imayenda liwiro la munthu woyenda pansi injini ikugwira ntchito bwinobwino, phazi lili kutali ndi kilatchi. Pa miyala ya njira ya ku dzenje la Chingwe, wopanda 4L amakakamizika kuchita chimodzi mwa ziwiri: kuthamangira chitunda, galimoto n'kumadzimenya pa miyala, kapena kusewera ndi kilatchi mpaka kununkha. Wa 4L amangokwawa, tayala lililonse n'kukwera mwala wake modekha.

Potsika ndi pomwe mtima wanga umakhala mmwamba ndikaona anthu akudalira buleki yokha. Mabuleki akapondedwa mosalekeza pa mtsetse wautali amatentha, amayamba kununkha, pedulo imafewa, kenako sagwiranso. Pa msewu wadothi wotsetsereka, 4L pa giya yoyamba kapena yachiwiri imagwira galimoto ndi injini pa matayala onse anayi, popanda tayala kumangika n'kuyamba kutsetsereka chammbali. Pa tala wotsika kuchokera ku Ku Chawe 4L siyofunika, koma giya yotsika ndi yofunika kwa aliyense, ngakhale wa otomatiki: ikani pa 2 kapena L. Batani lothandiza potsika limene lili pa galimoto zatsopano limagwira ntchito ndi mabuleki omwewo, ndiye ndi labwino pa mtsetse waufupi, osati phiri lonse. Polowetsa 4L imani kaye, ikani giya pa fili, kenako sunthani kandodo.

Chasisi

Pali mamangidwe awiri akuluakulu. Oyamba ndi a mipiringidzo iwiri yachitsulo yoyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, yolumikizidwa ndi ina yopingasa, yooneka ngati makwerero ogonekedwa. Injini, magiya ndi masipuling'i zimamangidwa pamenepo, bodi n'kukhazikidwa pamwamba ndi mabawuti. Land Rover ya 1948 inali chotero, Land Cruiser imene inayamba mu 1951 ndi chotero mpaka lero, mapikapu onse aja, Fortuner, Prado ndi Jimny. Achiwiri ndi amene bodi yomweyo ndiyo chasisi, monga dengu limene mphamvu yake ili mu kalukidwe konse, osati mu nsungwi imodzi. X-Trail, RAV4, Forester ndi galimoto zing'onozing'ono zambiri zili mmenemu.

Ya mipiringidzo ndi ya katundu. Matumba a mpunga wa ku Domasi, madengu a matemba, matabwa a paini, ngolo yokoka kumbuyo, kupindika kwa galimoto tayala lina lili m'dzenje lina pa chulu, zonsezi imazipirira kwa zaka. Bodi ikaphwanyika, chasisi ili bwino, mumakonza kapena kusintha bodi. Koma nayonso ili ndi malire amene timawanyozera. Pikapu zambiri zimaloledwa katundu wa tani imodzi kapena kuchepera, kuwerengera ndi anthu okweramo. Pa double cab, ekiselo yakumbuyo ili chakutsogolo kwa bokosi la katundu, ndiye zolemera zambiri zimalendewera kumbuyo kwa matayala. Mukasanjikiza matumba mpaka pa chitseko chakumbuyo, n'kuonjezera masipuling'i kuti isaoneke yakhala pansi, kenako n'kumenya dzenje pa liwiro, chasisi imapindika pamalo amodzi odziwika, pakati pa kabu ndi bokosi. Mukaima pambali mudzaona mpata wa pamenepo watseguka pamwamba. Matope a makande amalowanso mkati mwa mipiringidzo n'kukhala mmenemo onyowa miyezi yambiri, dzimbiri n'kudya kuchokera mkati, kunja penti ikuwala. Dzinja likatha, lowetsani paipi ya madzi m'mabowo a chasisi mpaka madzi otuluka ayere.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti chasisi yolimba ndiye chitetezo pa ngozi. Si choncho nthawi zonse. Chimene chimapulumutsa munthu ndi kutsogolo kumene kumafwanyika mwadongosolo n'kumeza mphamvu ya kugundako, chipinda cha anthu n'kutsala chilili. Mu 2018 bungwe loyesa chitetezo cha galimoto la Global NCAP litayesa Nissan NP300 Hardbody yogulitsidwa ku Africa, silinaipatse nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha akuluakulu. Mapikapu atsopano achita bwino kwambiri pa mayeso otere, koma mfundo ndi yakuti kulemera kwa zitsulo si umboni. Galimoto yokwera mmwamba imagubudukanso msanga mukapotokola chiwongolero mwadzidzidzi kuzemba njinga ya kabaza pa M3. Ngati moyo wanu wambiri uli pa tala ndi ana kumbuyo, bodi yolukana ija, yopepuka ndi yogwira msewu bwino m'makona, ili ndi mfundo zamphamvu.

Kufooka kwake kuli kunsi ndi pambuyo pa ngozi. Mwala ukamenya pansi umamenya bodi yeniyeniyo, kapena sampu ya oyilo imene nthawi zambiri imangotchingidwa ndi pulasitiki. Ikapindika pa ngozi imafuna makina oyezera kuti ibwerere mmalo mwake. Yowongoledwa ndi hamala ndi tcheni imadya matayala mbali imodzi moyo wake wonse. Koma tisamati bodi yolukana ndi yofooka mwachibadwa. Pajero kuyambira 1999 ndi yotero, mipiringidzo anaiwotcherera mkati mwa bodi, ndipo ili ndi 4L. Suzuki Escudo ya 2005 anaimanga chimodzimodzi. Defender yatsopano ya 2020 inasiyiratu chasisi yakale n'kupita ku bodi ya aluminiyamu, ngakhale kuti kuikonzetsa kuno ndi nkhani ina.

Za ekiselo ndinene mwachidule. Ya chitsulo chimodzi chonyamula matayala onse awiri, monga kutsogolo kwa Land Cruiser 70 ndi Jimny, ndi yolimba ndipo tayala lina likakwera mwala linalo limakanikizika pansi, koma imagwedeza msana. Yoti tayala lililonse limayenda palokha, ya kutsogolo kwa Hilux ndi Prado zamasiku ano, ndi yofewa ndi yolondola pa tala, koma ili ndi timphira tophimba ma CV joint (mfundo zotumiza mphamvu ku matayala) timene chitsa cha chimanga kapena waya chimang'amba. Kamphira kakang'ambika, girizi amatuluka, mchenga n'kulowa, ndipo pakapita masabata mumamva kugogoda pokhota. Kusintha kamphirako msanga n'kotchipa kwambiri kuyerekeza ndi joint yonse.

Matayala ndi madzi

Prado yovala matayala osalala a pa tala imatha kuima pamene pikapu ya 2WD ya matayala abwino yadutsa. Kwa ambiri a ife matayala a AT, oyenda pa tala ndi pa dothi pomwe, ndi okwanira. A MT, a m'matope, a zidutswa zikuluzikulu, amataya makande m'malo moti amatirire, ndiye ndi a munthu wa ku Chilwa weniweni, koma amasokosa pa tala ndipo sagwira bwino tala akanyowa. Chenjezo lalikulu lili kwa a X-Trail, Forester ndi anzawo: kugula tayala limodzilimodzi la kaunjika, ili saizi ina, ilo lakutha, kumachititsa galimoto kuganiza kuti ikuterera nthawi zonse, timbale tija n'kumagwira mpaka kupsa. Matayala onse anayi akhale a saizi imodzi ndi otha mofanana. Ikafa panjira, inyamulidwe yonse pa lole, isakokedwe matayala awiri ali pansi.

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa mmene milatho ndi makalavati zimapitira usiku umodzi. Hilux ya kuyambira 2015 imalembedwa kuti ingadutse madzi a mamilimita 700, Ranger 800, koma manambala amenewo ndi a madzi odekha pansi pali polimba. Mtsinje wothamanga wochokera m'phiri umanyamula galimoto madzi asanafike pamenepo, ndipo palibe mtundu wa 4WD umene umagwira tayala litayandama. Mukawoloka madzi akuya bwinobwino, kaonetseni oyilo wa m'madifu. Akaoneka woyererako, madzi analowa, asinthidwe.

Ndani agule iti

Mphunzitsi wa ku yunivesite kapena wa mu ofesi wokhala ku Matawale kapena ku Chinamwali, amene amapita ku Blantyre kawirikawiri ndi kumudzi kwa msewu wafumbi wosamalidwa, Forester, RAV4 kapena X-Trail ya matayala abwino imukwanira, ndipo ndalama yotsala ikhale ya mafuta ndi sevisi. Msonkho wolowetsera galimoto umakwera ndi kukula kwa injini komanso ukalamba wake, ndiye Prado yakale yotchipa pa intaneti siifika kuno ili yotchipa. Wa geni ya mpunga kapena nsomba amene amalowa ku Kachulu dzinja lonse afune pikapu ya 4x4 ya dizilo, ndipo akapeza yokhala ndi diff lock yakumbuyo asazengereze. Hilux imapangidwa ku Durban, Ranger ku Pretoria, Isuzu ku Gqeberha, ndiye zida zake sizichokera kutali, ndipo za Toyota mumazipeza ku Limbe tsiku lomwelo. Mpingo, bungwe kapena chipatala chimene chiyenera kufika ku Chingale ndi wodwala kapena mankhwala nyengo iliyonse, Land Cruiser ya gulu la 70, imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1984, idakali yankho, ngakhale ndi yodula ndi yogwedeza. Wonyamula alendo kukwera phiri amafuna 4L ndi mipando yabwino pamodzi, ndiye Prado, Fortuner kapena Pajero. Mlangizi woyenda yekha kapena awiri aganizire Jimny: ili ndi chasisi ya mipiringidzo, 4L, kukwera kwa mamilimita 210, ndipo kupepuka kwake kumaithandiza kuyandama pamwamba pa thope limene limameza zikuluzikulu. Malo a katundu ndiwo mulibe.

Tsiku logula

Pitani ndi tochi ndi chovala choti chide. Gwadani kumbuyo muyang'ane ngati pali difu ndi propshaft, chitsulo chachitali chozungulira chochokera kutsogolo, chifukwa X-Trail, RAV4 ndi CR-V zambiri zobwera kuno ndi za 2WD ngakhale bodi yake ndi imodzimodzi. Pa pikapu yang'anani kutsogolo: payenera kukhala difu ndi propshaft yachiwiri yochokera ku transfer case. Mukapeza malo ake alipo koma chitsulocho palibe, dziwani kuti wina anachichotsa pobisa vuto. Yendetsani tochi m'mipiringidzo yonse, makamaka kuseri kwa kabu ndi pomwe masipuling'i amagwira, mukufunafuna zowotcherera, zigamba zachitsulo ndi penti yakuda yatsopano pamalo amodzi okha. Gogodani ndi sipanala. Chitsulo chodyeka mkati chimalira mogonthera ndipo chimagwetsa makoko a dzimbiri. Pa ya bodi yolukana, tsegulani ndi kutseka zitseko zonse, onani ngati mipata yake ikufanana mbali zonse ziwiri, kwezani kapeti ya mu buti muone ngati pansi pali makwinya. Nambala ya chasisi yodindidwa pa chitsulo ifanane ndi ya pa mapepala a ku Road Traffic, ndipo pozungulira pake pasaoneke popalidwa.

Kenako itulutseni pa tala mukaiyese pa dothi. Lowetsani 4H, nyali iyake n'kukhazikika, osati kuphethira. Khotani pang'onopang'ono mozungulira. Ya mtundu wolowetsa wekha iyenera kumveka ikukanganako, matayala akupala dothi, ndipo ikangokhota mofewa ngati ili pa 2H ndiye kuti kutsogolo sikukukoka. Imani, lowetsani 4L, muone ngati ikukwawa ndiponso ngati kandodo sikakudumpha kokha mukachotsa phazi pa mafuta. Ngati ili ndi diff lock, iyeseninso pomwepo. Wogulitsa akakana kuti muchoke nayo pa tala, muuzeni kuti mtengo mukambirana ngati wa 2WD, kapena mupite kwa wina.